Woyamba pa mzere si dzina

Magetsi ku Unit G, ku Chitungwiza m'dziko la Zimbabwe, amakonda kubwera anthu atagona kale. Firiji ikangoyamba kulira cha m'ma 10 koloko usiku, nyumba zimadzukanso: uyu athamangira kutchaja foni, uyo kusita yunifolomu ya mawa, winayo kutereka nyemba. M'nyumba ina ya kuderali, bambo wina wachikulire, wa zaka zopitirira 70, amadzukira kompyuta. Ndi Dell OptiPlex yakalekale, yomwe inathera unyamata wake mu ofesi ina kunja kwa dziko isanafike ku Harare pamodzi ndi zinzake za kaunjika. Ikamayaka imayamba yatsokomola kaye. Adzukulu awo, omwe pakamwa pawo pamayenda Chishona, amawaitana kuti sekuru. Iwo amayankha m'Chichewa cha bambo awo, omwe anachoka ku Ntcheu kudzera ku bungwe la Mthandizi kudzagwira ntchito m'mafamu a Southern Rhodesia.

Agogowa anakalambira pa ntchito yokonza makina a m'maofesi: mataipi poyamba, kenaka makina ochulukitsa mapepala, pomaliza makompyuta. Malangizo amene amapereka kwa ana a m'nyumbamo ndi anzawo a mumsewumo anabadwa usiku umodzi wa tsoka.

Mdzukulu wawo wamwamuna, wa Fomu 4, ankafuna kufufuta zonse za pa fulashi kuti aikepo nyimbo. Dzulo lake anali ataona ndi maso ake kuti kompyutayo, yomwe imayendera Linux, ikuitchula fulashiyo kuti sdb. Sanayang'anenso kachiwiri. Analemba lamulo lofomata sdb1 n'kudina Enter. Chimene sanadziwe n'chakuti mlongo wake anali atalumikiza kale disiki ya m'kabokosi, ija yosungira zithunzi za banja, ndipo poti inayamba kufika ndi iyo, dzina loti sdb linagwera iyo. Fulashi inali itasanduka sdc. Kuphethira kwa diso, zithunzi za maukwati atatu, za ulendo wokaona manda ku Ntcheu, makope a zitupa ndi mapepala a nyumba, zonse zii.

Agogowa sanakalipe. Anangozula disikiyo nthawi yomweyo, chifukwa kufomata kwachangu sikufufuta zithunzi zenizenizo, kumangong'amba kaundula wosonyeza pamene zili. Choopsa n'kulemba zatsopano pamwamba pake. Mawa lake anayendetsa PhotoRec, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier wa ku France, yomwe imakunkha disiki yonse n'kutola chilichonse chooneka ngati chithunzi kapena chikalata, n'kuchikopera kwina. Zambiri zinabwerera. Koma zinabwerera zopanda mayina, zopanda mafoda: chilichonse chinangokhala chilembo f chotsatana ndi manambala. Panatenga masabata atatu, agogo aakazi atavala magalasi awo, akuloza nkhope imodziimodzi pa sikirini kuti uyu ndi uje, apa ndi pa chinkhoswe cha auje.

Phunziro loyamba silinachitikire pakompyuta. Agogowa anamutengera mnyamatayo kumjigo. Aliyense wa ku Chitungwiza amadziwa kuti mipopi imatha masiku ili gwa, ndipo anthu amandandalika zigubu ndi ndowa pamjigo kusanache.

"Taona, mdzukulu wanga. Chigubu choyamba pamzerewu n'cha yani?"

"N'cha amayi a kuseri kwathu aja, sekuru."

"Nanga mawa choyamba chidzakhala chomwechi?"

Mnyamatayo anangoweramitsa mutu, wamva. Mayina oti sda, sdb, sdc ndi malo a pamzere basi. Kompyuta ikamayaka imafunsa zipangizo zake kuti ndani alipo, ndipo disiki yoyamba kuyankha imatenga a, yachiwiri b, choncho mpaka zithe. Ina ikachedwa kudzuka, ina ikazulidwa, kapena wina akasomeka fulashi asanayatse, mzere wonse umasuntha. Nambala ya kumapeto, monga 1 wa pa sdb1, ndiye imanena chigawo cha disikiyo. Amayi osafuna kutaya chigubu chawo pamjigo sadalira kuti chinali chachitatu. Amachilemba dzina ndi penti.

Za zigawozo agogowa sachedwa nazo, poti mwana wa ku Chitungwiza amadziwa kale kuti nyumba imodzi imatha kukhala ndi mwini wake m'zipinda ziwiri, ochita lendi m'zipinda zina. Disiki nayo imagawidwa chimodzimodzi, ndipo okonza makompyuta chigawo chilichonse amachitcha patishoni. Makina akale amagawa motsatira dongosolo la MBR, lomwe linabwera mu 1983 pamodzi ndi PC DOS 2.0, nthawi imene IBM inatulutsa kompyuta ya XT yokhala ndi disiki ya mamegabaiti 10 okha, malo osakwana zithunzi zisanu za foni ya lero. MBR imalola zigawo zikuluzikulu 4 zokha. Wofuna zambiri amasandutsa chimodzi mwa zinayizo kukhala thumba losungira zigawo zing'onozing'ono, ndipo za m'thumbazo zimayamba kuwerengedwa pa 5. N'chifukwa chake pamakina ambiri akale munthu amapeza sda1, sda2, kenaka sda5, ndipo achinyamata amadzidzimuka poganiza kuti 3 ndi 4 zabedwa. Sizinabedwe, sizinakhaleko n'kale. Dongosolo latsopano la GPT limalandira zigawo 128 ndipo silikakamira pa materabaiti 2 monga MBR, koma kompyuta ya agogowa ndi ya mbadwo wa MBR, ndipo iwo saona chifukwa choivutitsira.

Ozolowera Windows asaganize kuti nthendayi ndi ya Linux yokha. Kumeneko zigawo zimadziwika ndi zilembo, mwambo wochokera ku CP/M ya Gary Kildall m'zaka za m'ma 1970. A ndi B zinasungidwira madisiki ofewa aja a floppy, omwe ana a lero sanawagwirepo, ndiye disiki yaikulu inangotsalira C mpaka lero. Fulashi imene lero ndi E mawa ikhoza kukhala F, ndipo pulogalamu yoimba nyimbo imayamba kudandaula kuti siikupeza kalikonse. Mankhwala ake n'kutsegula Disk Management n'kuipatsa disikiyo chilembo cha kutali, monga M kapena P, chomwe alendo ongodutsa sangachilande. Apa agogowa amakonda kuseka kuti nawonso amakhala m'chilembo. Chitungwiza, yomwe inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, inagawa Seke m'mayuniti a zilembo. Kusiyana kwake n'kwakuti Unit G siidzuka m'mawa n'kupezeka kuti yasanduka Unit F poti wina wasamuka.

Agogowa anaonapo mzere wonse wa dziko lapansi ukusuntha nthawi imodzi. Kale madisiki a mtundu wa IDE, aja a lamba wotambalala wa mapini 40 ndi kajampa kosankhira wamkulu ndi wamng'ono, Linux inkawatcha hda ndi hdb. Cha m'ma 2007 mapulogalamu oyendetsa madisiki anasinthidwa, ndipo Fedora 7 ndi anzake anayamba kuwatcha onse kuti sda ndi sdb. Amene anali atalemba hda m'mafayilo awo anadzuka makina akukana kuyaka. A Ubuntu, Linux imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004 n'kuitcha dzina lomwe kwathu timati umunthu, anali atauona kale mtambowo. Kuyambira mu 2006 iwo anayamba kulozera zigawo ndi nambala yosasintha yotchedwa UUID.

Chigawo chilichonse, tsono, chikhoza kukhala ndi zizindikiro ziwiri zomwe zimayenda nacho kulikonse, chifukwa zimalembedwa m'kati mwake momwe. China ndi UUID, mndandanda wa zilembo ndi manambala 32 wodulidwa m'magulu asanu, womwe kompyuta imaupanga yokha pofomata. Pa NTFS imakhala yaifupi, ya zizindikiro 16, ndipo pa fulashi ya FAT ndi 8 zokha. Chinacho ndi LABEL, dzina lomwe munthu amasankha yekha. Agogowa amati UUID ndi nambala ya pa chitupa, LABEL ndi dzina la pa chitupacho.

Akafika pa chitupa mawu awo amatsika. Bambo awo dzina lawo linalembedwa mitundu itatu pa mapepala atatu, poti mlembi aliyense ankalemba mmene khutu lake lamvera, ndipo ana anavutika nazo zaka zambiri pambuyo pake. Anthu ambiri obadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ankayenda ndi zitupa zowatcha alendo, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anapezeka kuti sali kuno sali uko. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo omwe kholo lawo linali la dziko lina la SADC. Munthu wodutsa m'zoterezi samva bwino kuona chinthu chake chikutchulidwa dzina lina m'mawa uliwonse, ngakhale chitakhala chitsulo. Wolemba nkhani ino akuganiza kuti apa ndi pamene pamachokera liuma lawo pa nkhani ya mayinayi, ngakhale eni akewo amangoti ndi ukhondo wa pa ntchito.

Dzina palokha silitsegula chitseko. Pa Linux palibe C kapena D. Pali mtengo umodzi wa mafoda, ndipo chigawo chilichonse chimayenera kumangiriridwa pa foda ina ya mumtengomo kuti zam'kati mwake zioneke. Akatswiri amati kumaunta, mawu otsalira m'nthawi imene wogwira ntchito ankanyamula tepi kapena mtolo wa madisiki n'kuukweza pamakina ndi manja. Agogowa amati n'kumangirira mbuzi pachikhomo. Mbuzi ilipo, chikhomo chilipo, koma popanda chingwe mbuziyo siipezeka pamene mukuifuna. Linux ya masiku ano imamangirira yokha munthu akadina chizindikiro cha disiki, n'kuiika mu foda ya /media, ndipo ngati chigawocho chilibe dzina imachitcha ndi UUID yake yaitali ija kapena kukula kwake basi. Vuto n'lakuti imadikira kudinidwa. Wina akatsegula pulogalamu ya nyimbo asanadine disikiyo, mndandanda wonse wa Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, oimba a ku Chitungwiza omwe agogowa amawakonda poti Chichewa chimamveka m'nyimbo zawo zina, umaoneka ngati wafa.

Chingwe chokhalitsa chili mu fayilo yaing'ono ya /etc/fstab, yomwe kompyuta imaiwerenga nthawi iliyonse ikamayaka. Ndi nkhalamba inzawo: kalembedwe kake kanayambira pa 4.0BSD ya ku Berkeley mu 1980, zaka 11 Linus Torvalds asanayambe Linux ku Helsinki. Apa ndi pamene agogowa amakhazika mwana pampando, iwo n'kuima kumbuyo manja atapinda, chifukwa amati dzanja lomwe silinalembe siliphunzira.

Choyamba, amati, yang'ana, usakhudze kanthu. Lamulo la lsblk -f limaonetsa madisiki onse, zigawo zake, mtundu wa chilichonse, dzina ngati lilipo, ndi UUID. Silisintha kanthu, ndiye munthu akhoza kulibwereza kakhumi. Kukula kwa chigawo, komwe lsblk yopanda -f imaonetsa, ndiko kumaulula bwino kuti ichi n'chiti: fulashi ya magigabaiti 8 singafanane ndi disiki ya 500. Mnyamata uja akanangoyang'ana pamenepo, agogo aakazi sakanatha masabata atatu akuloza nkhope. Safunsa anadya phula, ndipo lsblk ndiko kufunsako.

Kenaka kutcha mayina. Pa chigawo cha ext4 amagwiritsa ntchito e2label, pa NTFS ntfslabel, pa FAT fatlabel. Woopa kulemba malamulo akhoza kuchita zomwezo ndi mbewa mu GParted kapena mu Disks. Kutcha dzina sikufufuta kanthu, koma m'mapulogalamu amenewa batani la kutcha dzina limakhala khomo loyandikana ndi la kufomata, ndiye diso likhale pamalo. Agogowa ali ndi malamulo awo pa mayina. Likhale lalifupi, poti ext4 imalandira zilembo 16 zokha, FAT 11, NTFS 32. Lisakhale ndi mpata pakati, chifukwa mu fstab mpata umatanthauza kuti gawo latha, ndipo wofuna kuusunga amayenera kulemba \040 m'malo mwake, chinthu chomwe palibe amachikumbukira pakatha mwezi. Ndipo linene zimene zili m'katimo. Mayina onga DATA kapena New Volume amawanyansa kwambiri, poti theka la madisiki a mumsewumo ndi a mayina omwewo, ndipo awiri oterowo akakumana pakompyuta imodzi, makina amangotola imodzi osafunsa. Zawo anazitcha ZITHUNZI, NYIMBO ndi SUKULU.

Chikhomo chimapangidwa ndi mkdir, foda yopanda kanthu monga /mnt/zithunzi. Asanatsegule fstab amaikopera pambali n'kuitcha fstab.yakale, kuti zikavuta pakhale pobwerera. Ndiye mwana amalemba mzere umodzi pansi pa ina yonse, osakhudza ya pamwamba:

LABEL=ZITHUNZI /mnt/zithunzi ext4 defaults,nofail 0 2

Mzerewu uli ndi magawo 6, ndipo agogowa salola kuti mwana achoke pampando asanawamasulire onse ndi pakamwa pake. Loyamba ndi mbuzi, lachiwiri chikhomo, lachitatu mtundu wa chigawo. Lachinayi ndi malangizo a kamangidwe. Lachisanu ndi la pulogalamu yakale yosungira makope yotchedwa dump, yomwe pafupifupi aliyense anaisiya, ndiye pamangokhala 0. Lomaliza limauza kompyuta ngati iyenera kuyeza thanzi la chigawocho poyaka: 1 ndi wa chigawo chomwe Linux yeniyeniyo imakhalamo, 2 ndi wa zinazo, 0 ndiye kuti osayeza.

Pa magawo onsewa, liwu limene amalikakamira kwambiri ndi nofail, ndipo analiphunzira ndi thukuta. Tsiku lina mdzukulu wamkazi anabwereka disiki ya m'kabokosi kupita nayo kwa mnzake ku Zengeza. Magetsi atabwera usiku, kompyuta inayaka, inafika pa mzere wa disikiyo, n'kuima. Inadikira masekondi 90, monga imachitira systemd, pulogalamu yomwe imayatsa Linux zambiri masiku ano, kenaka inagwera pa sikirini yakuda ya emergency mode. M'nyumba monse anati kompyuta yafa, ndipo wina anali atayamba kale kuwerenga ndalama ya minibasi yopita ku Gulf Complex m'tauni, kumene kuli okonza. Chonsecho palibe chinawonongeka. Makinawo ankangokana kupitirira popanda chinthu chimene anauzidwa kuti n'chofunika. Liwu la nofail limawauza kuti ukaipeza imange, ukapanda kuipeza pitirira. Chigawo chilichonse chomwe si cha Linux yeniyeniyo, makamaka chotha kuzulidwa, agogowa amachilembera liwu limeneli.

Mzere ukalembedwa, asathamangire kuzimitsa. Lamulo la findmnt --verify limawerenga fayiloyo n'kuloza zolakwika, ndipo sudo mount -a limayesa kumangirira zonse pompo. Likangokhala chete ndiye kuti zayenda. Likalankhula, cholakwikacho chikonzedwe kompyuta ikadali maso, chifukwa kukonza fstab pa sikirini yakuda pakati pa usiku si masewera a mwana. Chotsalira ndi umwini. Chigawo chatsopano cha ext4 chimakhala cha root, bwana wa makina, ndiye munthu wamba amatha kuona koma osasungamo kanthu mpaka atapatsidwa fodayo ndi lamulo la chown. Achinyamata ambiri amagwa ulesi pamenepa, n'kumati Linux njovuta, chonsecho atsala ndi mzere umodzi.

Pa funso loti cholemba mu fstab chikhale LABEL kapena UUID, mabuku ambiri amakondera UUID, ndipo pa chigawo cha Linux yeniyeniyo agogowa amasiya UUID yomwe makina analemba okha. Koma pa zigawo za katundu wa banja amasankha LABEL, ndipo wolemba nkhani ino ali kumbali yawo. Fayilo yodzaza manambala 32 pamzere uliwonse palibe mdzukulu angaiwerenge agogo atachoka. Komanso UUID imasintha chigawo chikafomatidwanso, pamene dzina munthu akhoza kulibwezera lomwelo n'kusiya fstab osaikhudza. Ndipo amene amati UUID siingafanane ndi ina amaiwala kuti disiki ikakopedwa yonse ndi pulogalamu yonga Clonezilla kapena dd, mapasawo amatuluka ndi nambala imodzi. Kunena zoona, mapasa otero amatengeranso dzina limodzi, ndiye pamenepo LABEL nayo siipulumutsa munthu; mmodzi wa iwo ayenera kutchedwanso.

Chigawo cha NYIMBO chili ndi nkhani yakeyake, poti chimagawanidwa ndi Windows yomwe idakali m'chipinda china cha disiki yomweyo chifukwa cha ntchito za kusukulu. N'cha mtundu wa NTFS, womwe Linux imauwerenga ndi kuulemba bwinobwino kuyambira pamene NTFS-3G inakhwima mu 2007. Pamzere wake gawo lachitatu limakhala ntfs-3g, lachinayi limaonjezera uid=1000 ndi gid=1000 kuti mwini akhale munthu woyamba kulembetsedwa pakompyutapo, ndipo lomaliza ndi 0. Msampha wake ndi uwu: kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, ukati zima, Windows siizima kwenikweni, imangogona ndi diso limodzi kuti idzadzuke msanga. Amati Fast Startup. Linux ikapeza chigawo chili m'tulo totero imakana kulembamo, ndipo imachita bwino, chifukwa kulemba pamenepo n'kusesa m'chipinda mwini wake atangotuluka pang'ono, katundu ali mbwee. Chofunika n'kulowa mu Windows, kuzimitsa Fast Startup m'makonzedwe a magetsi, n'kuzimitsa makinawo mwaulemu.

Ulemu umenewo ku Unit G sapatsidwa nthawi zonse. Mu 2019, madzi atatsika ku damu la Kariba, mabanja ambiri mu Zimbabwe ankakhala mpaka maola 18 pa tsiku opanda magetsi, ndipo kuzimazima kwabwereranso m'zaka zina zotsatira. Kompyuta ya patebulo ilibe batire longa la laputopu. Magetsi akathima, imafera pomwepo, cholembera chili m'manja. Apa ext4, yomwe inakhazikika mu 2008, imathandiza chifukwa imayamba yalemba m'kabuku kake zimene ikufuna kuchita isanazichite, ndiye ikadzuka imaona pamene inalekezera. Nambala 2 ya kumapeto kwa mzere ija ndiyo imaipatsa mpata wodziyeza. NTFS ikadzidzimutsidwa chotero imafuna chkdsk ya Windows. Ntfsfix ya pa Linux imangopukuta pamwamba. N'chifukwa chake zithunzi ndi mapepala agogowa anaziika pa ext4, n'kusiyira NTFS nyimbo, zomwe zikatayika zimapezekanso kwa anansi.

Pali kanthu kenanso kakang'ono komwe amatsegulira bokosi kuti ana akaone: kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kokhala pa bolodi lalikulu. Ndiko kamasunga tsiku, nthawi ndi makonzedwe a BIOS makina akakhala opanda magetsi. Pakompyuta ya zaka 15 yomwe imakhala maola ambiri ili yozima, kabatireka kamatha, ndipo makinawo amadzuka akuganiza kuti ndi chaka china chakale, ataiwalanso disiki yoyambira poyaka. Masamba a pa intaneti amayamba kukana kutseguka chifukwa cha tsiku lolakwikalo. Ambiri amataya kompyuta yabwinobwino pa vuto lomwe mtengo wake sufika pa wa buledi awiri.

Pa za kusankha Linux yoyenera makina akale sataya nthawi. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu 2014, Windows 7 mu 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pamene Windows 11 imafuna zida zomwe makina akale alibe. Izi zikutanthauza kuti makompyuta amoyo ambiri akhala akutsikira m'manja mwa anthu a m'makomboni pamtengo wotsika. Linux Mint ya Xfce kapena Lubuntu zimayenda bwino pa ambiri a iwo. Okalamba kwambiri, a 32-bit, omwe Ubuntu inawasiya kale, amalandiridwabe ndi antiX. Chimene agogowa amaumirira n'chakuti poika Linux, foda ya /home ikhale pa chigawo chakechake, kuti tsiku lofuna kusintha Linux munthu agwetse chipinda chimodzi, katundu wa anthu osakhudzidwa.

Koma amachenjezanso kuti zipinda zonsezi denga lake ndi limodzi. Wokopera zithunzi kuchoka pa chigawo china kupita pa china cha disiki yomweyo n'kumati wasunga, wangosamutsa chimanga kuchoka ku ngodya ina ya nkhokwe kupita ku ngodya ina. Nkhokwe ikapsa chapsa chonse. Disiki ya mbale zozungulira ikayamba kulira kuti tchi, tchi, tchi, masiku ake atha, ndipo pulogalamu ya Disks imatha kuonetsa lipoti la SMART lomwe nthawi zina limachenjezeratu. Kope lachiwiri liyenera kukhala pa chipangizo china, ndipo ngati n'kotheka m'nyumba ina.

Pa kope lachiwirili m'pamene panabuka mkangano womaliza. Mdzukulu wamkazi, yemwe tsopano ndiye amasunga kabuku ka sukulu momwe agogowa analembamo mzere uliwonse wa fstab ndi tanthauzo lake, poyamba anayesa kutcha chigawo china kuti ZITHUNZI ZA UKWATI. Zilembo ndi mipata zinakwana 18, ndipo e2label inadandaula n'kudula mchira, kutsala ZITHUNZI ZA UKWA. Anthu anaseka mpaka misozi. Pofika pa fulashi yaikulu yopita kwa azakhali awo ku Zengeza, mtsikanayo anati ulendo uno dzina likhale la Chishona, chinenero chomwe iye amalotamo.

"Sekuru, zanu zonse mwatcha m'Chichewa. Iyi yokha ndisiyireni."

"Werenga kaye zilembo zake, mwana iwe. FAT imalandira 11."

Anawerenga ndi zala: MIFANANIDZO. Zinakwana 11 ndendende. Agogowa anang'ung'udza pang'ono, kenaka anavomera, poti zinawathetsera vuto lomwe anali asanalitchule: kope ndi mwini wake sayenera kukhala ndi dzina limodzi, kuopa tsiku lodzakumana pakompyuta imodzi. Fulashiyo imabwera ku Unit G kamodzi pa mwezi m'chikwama cha azakhaliwo, imalandira zithunzi zatsopano, n'kubwerera.

Mu ZITHUNZI muli foda imodzi yomwe sinathe. Ndi ya zithunzi zingapo zomwe PhotoRec inabweza koma agogo aakazi sanathe kuzizindikira, ndipo zikadali ndi mayina a f ndi manambala. Pa chimodzi pali bambo wovala chipewa ndi jekete lalikulu, ataima pafupi ndi njinga kutsogolo kwa shedi ya fodya. Agogowa akuti mwina ndi mchimwene wa bambo awo, yemwe anapitirira ku Joni osabweranso. Anachitumiza pa WhatsApp kwa abale a ku Ntcheu mwezi watha, ndipo akudikira kuti wina kumeneko apite nayo foni kwa gogo wina wa kutsidya kwa dambo, yemwe akuti maso ake akuonabe.